Makope a Walt Whitman pa intaneti: kuwerenga ndakatulo isanapse

Ndakatulo ikasindikizidwa m'buku imaoneka ngati inabadwa ndi mano kale. Mizere yake yaima bwinobwino, palibe pofufutidwa, palibe posonyeza kuti wolembayo anazengereza. Wowerenga amangoganiza kuti mawuwo anatsika choncho kuchokera m'mutu kufika papepala. Kope limene mlakatuli ankayenda nalo m'thumba limanena zina. M'menemo muli mizere yothera panjira, mawu awiri kapena atatu olimbirana malo amodzi, mayina a anthu, maadiresi, mawerengero a ndalama, ndipo pakati pa zonsezo pamatulukira mzere umene anthu anadzauloweza pamtima patapita zaka.

Kale, kuti munthu aone kope lotere ankayenera kuyenda ulendo, kupempha chilolezo, n'kukakhala m'chipinda chowerengeramo woyang'anira ali chapafupi. Lero malaibulale akuluakulu anajambula zambiri mwa zolemba pamanjazi n'kuziika pa intaneti, ndipo aliyense akhoza kuzitsegula osalipira. Ndifotokoza za makope a mlakatuli mmodzi, Walt Whitman wa ku America, amene amasungidwa ku Library of Congress mumzinda wa Washington. Ndawasankha chifukwa mbiri yawo imaphunzitsa munthu kusamala ndi chimene akuona pa sikirini. Makopewa anasowapo, ena anapezekanso, limodzi linakhala zaka zambiri likudziwika ndi chaka cholakwika, ndipo ena mpaka lero sakudziwika kumene ali.

Whitman anabadwa pa 31 Meyi 1819 ku Long Island ndipo anamwalira pa 26 Malichi 1892 ku Camden m'chigawo cha New Jersey. Sukulu anaisiya ali ndi zaka pafupifupi 11, n'kuphunzira ntchito yosindikiza. Anakhalapo mphunzitsi, mtolankhani, mkonzi wa nyuzipepala ndiponso womanga nyumba zogulitsa. Mu 1855 anatulutsa kabuku ka masamba 95 kotchedwa Leaves of Grass, kokhala ndi ndakatulo 12 zopanda mitu, kosindikizidwa pa kashopu ka abale a banja la Rome ku Brooklyn. Bukuli anakhala akulikonza ndi kuliwonjezera moyo wake wonse, moti limene linatuluka ali pafupi kumwalira linali ndi ndakatulo pafupifupi 400.

Funso limene lasautsa ofufuza kwa zaka zoposa 100 ndi lakuti: zinatheka bwanji kuti mtolankhani wolemba nkhani wamba ndi ndakatulo zofanana ndi za wina aliyense atulukire mwadzidzidzi, ali ndi zaka 36, ndi mizere italiitali yopanda mawu omveka mofanana kumapeto, yosafanana ndi ya munthu wina pa nthawiyo? Mapepala amene anapereka kwa osindikiza mu 1855 akanayankha zambiri, koma kulibe. Whitman mwiniwake atakalamba anauza mnzake Horace Traubel kuti mapepalawo anakhala ku shopu ya a Rome zaka zingapo, kenako anatayika, mwina anakolezera moto kapena anapita kwa wogula nsanza. Chimene chinatsala chosonyeza mmene ndakatulozo zinaphukira ndi makope ndi tizidutswa ta mapepala. N'chifukwa chake kakope kokwana m'thumba la jekete kali ndi mtengo waukulu chonchi.

Chipinda cha Whitman ku Mickle Street mu Camden chinali chodzaza mapepala mpaka pansi. Atamwalira, zolembazo zinagawidwa kwa anthu atatu amene anawasiyira udindo: Richard Maurice Bucke, Horace Traubel ndi loya Thomas Harned. Kugawa kumeneku ndi kumene kunamwaza zolemba zake, moti lero tsamba loyamba la ndakatulo ina likhoza kukhala mulaibulale ina, lachiwiri lili kutali m'chigawo china. Harned anapereka gawo lake ku Library of Congress mu 1918, ndipo m'katunduyo munali makope 24.

Mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, laibulaleyi inaopa kuti mzinda wa Washington ukhoza kuphulitsidwa, choncho inalongedza chuma chake chamtengo wapatali n'kukachibisa kumadera a mkati mwa dziko. Zolemba za Whitman zinalowera ku Ohio. Katunduyo atabwerera mu 1944, anapeza kuti makope 10 mulibe, pamodzi ndi kagulugufe kakatoni. Mu 1954 laibulale inasindikiza kabuku kofotokoza zosowazo n'kukatumiza kwa ogulitsa mabuku akale ndi osunga zolemba, koma kunali zii. Panapita zaka zoposa 50 chisowereni. Kumayambiriro kwa 1995 loya wina wa ku New York, pokonza za chuma cha malemu bambo ake, anapita ndi makope anayi ndi kagulugufe kaja ku Sotheby's, kampani yogulitsa zinthu pa okushoni. Katswiri wa kumeneko anazizindikira, apolisi a FBI analowererapo, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho zinabwerera kwawo. Akatswiri osamalira mapepala akale atazikonza, laibulale inazijambula n'kuziika pa intaneti, pa nthawi imene zinthu zotere zinali zachilendo kwambiri. Maganizo ake anali omveka: chimene chaonedwa ndi anthu ambirimbiri n'chovuta kuchiba n'kuchigulitsa mobisa, komanso pepala lofooka silifunikanso kugwidwagwidwa ndi aliyense wofuna kuliwerenga.

Za kagulugufe ndinene pang'ono, chifukwa nkhani yake imagwirizana ndi zonse zotsatirazi. Pali chithunzi chotchuka cha Whitman ali nkhalamba ya ndevu zoyera, gulugufe atatera pachala chake, ngati kuti chilengedwe chomwe chimamukonda. Anthu ambiri anakhulupirira kuti anali wamoyo. Mukatsegula chithunzi cha kanthu kamene kanabwerera mu 1995 muona kuti n'kakatoni, ndipo mbali imodzi kali ndi mawu a nyimbo ya Pasaka osindikizidwa. Whitman ankadziwa kukonza mmene anthu azimuonera. M'mabuku ake ndi m'zithunzi zake timaona munthu amene iye anafuna kuti timuone. M'makope ndi mmene timamupeza asanadzikonze.

Mukatsegula limodzi la makopewa pa intaneti, mumakumana ndi zinthu zitatu zimene zimaoneka ngati chimodzi. Pali chithunzi cha tsamba. Pali mawu otaipidwa amene munthu wina anakopera kuchokera patsambalo. Ndiye pali mawu a laibulale ofotokoza kuti chinthuchi n'chiyani, chinalembedwa liti, chinachokera kwa yani. Ine ndimaziona ngati mboni zitatu pa mlandu umodzi. Iliyonse inaona mbali yake, iliyonse ikhoza kulakwitsa, ndipo wowerenga wanzeru amazifunsa zonse asanagamule.

Tiyambe ndi mboni yachitatu, ya chaka, chifukwa ndi imene anthu amaikhulupirira osaifunsa. Kope lotchuka kwambiri mwa anayi aja limadziwika ndi dzina lakuti Talbot Wilson, dzina limene linalembedwa mkati mwa chikuto chake. M'kopemu muli chaka cha 1847, ndipo Emory Holloway, amene anasindikiza mawu ake mu 1921 lisanasowe, analiika m'zaka zimenezo. Zikanakhala zoona, ndiye kuti Whitman anapeza kalembedwe kake katsopano zaka zisanu ndi zitatu buku lisanatuluke, n'kukhala chete nthawi yonseyo. Mabuku ambiri ofotokoza za moyo wake anamanga nkhani yawo pa maziko amenewa, ndipo kwa zaka 50 kunali kovuta kutsutsa zimenezi ndi umboni wokwanira, popeza kope lenilenilo kunalibe.

Litabwerera, anthu anaona chimene mawu otaipidwa sankasonyeza. Masamba ena anadulidwa, kunatsala timizu take tokha chakumsana kwa kope, ndipo pa timizuto pakuoneka zotsalira za manambala. Kopeli linayamba ngati la maakaunti. Whitman analigwiritsa ntchito polemba za ndalama m'ma 1840, analisiya, kenako patapita zaka analitolanso, n'kudula masamba akalewo, n'kuyamba kulemba maganizo ndi ndakatulo m'masamba otsala. Wofufuza wina, Andrew Higgins, anafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane mu 2002, ndipo lero akatswiri ambiri amaika ndakatulo za m'kopeli cha mu 1854. Kusiyana kwa zaka zisanu ndi ziwirizi kumasintha nkhani yonse. M'malo mwa munthu amene anafungatira chinsinsi zaka zambiri, tikuona munthu amene zinamubwerera mwaliwiro, chaka chimodzi kapena ziwiri buku lisanatuluke, pa nthawi imene dziko lake linali pa mkangano woopsa wa ukapolo. Chaka cholembedwa m'kope chimangotiuza kuti tsiku lina m'chakacho kopelo linali m'manja mwa mwini wake. Sichitiuza kuti tsamba lililonse linalembedwa pamenepo.

Tsopano tsegulani masamba ake mmodzimmodzi. Chiyambi chake si ndakatulo ayi. Ndi ziganizo wamba zodzaza tsamba kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete, zina ngati malangizo amene munthu akudzipatsa yekha, monga akuti alembe zosavuta ndi zomveka. Mukamapitirira, pamafika pamene ziganizozo zimayamba kuduka n'kuima m'mizere. Pamenepo Whitman akulemba kuti iye ndi mlakatuli wa akapolo ndiponso wa eni akapolo, kuti ndi mlakatuli wa thupi, kenako akuyamba mzere wina ndi mawu ongoti "ndipo ndine", n'kuusiya uli pakamwa. Akuyambiranso: mlakatuli wa thupi, mlakatuli wa mzimu, ndipo akuwonjezera kuti adzaima pakati pa akapolo ndi ambuye awo, n'kulowa mwa onse kuti onse amumve mofanana. M'buku la 1855 mizere ya thupi ndi mzimu ilimo, ndipo ndi ina mwa yodziwika kwambiri. Mizere ya kuima pakati pa kapolo ndi mbuye wake sinafikemo pamalo amenewo.

Ndakhala ndikuyang'ana tsamba limeneli kambirimbiri, ndipo chimene chimandigwira mtima ndi mpata umene uli pambuyo pa mzere wodukawo. Wowerenga buku lokha angaganize kuti mzere wa thupi ndi mzimu unabadwa m'maganizo a za uzimu. Kope likuonetsa kuti unabadwa pamodzi ndi funso lowawa kwambiri la dziko lake, la anthu ogulidwa ndi kugulitsidwa. Likuonetsanso kuti maganizo oyamba a mlakatuliyu anali oyanjanitsa mbali ziwirizo ngati kuti n'zolingana, zimene wowerenga wa lero ali ndi ufulu wozikana. Tsamba lokhali silingatiuze chifukwa chimene anasiyira mizereyo, ndipo si bwino kumuikira mawu m'kamwa. Koma tikuona kuti panali kusankha, ndipo tikuona chimene chinasiyidwa.

Pa nkhani ya kukhwatcha pafunika kusamala. Si mzere uliwonse wodutsa pa mawu umene ukutanthauza kuti wolemba wawakana. Whitman kawirikawiri ankajambula mzere wotsika kuchokera pamwamba pa ndime kufika pansi akamaliza kuikopera kwina, ngati chizindikiro chakuti iyi ndagwiritsa kale ntchito. Ndiye ndime yokhwatchidwa chotsika ikhoza kukhala yomwe anaikonda kwambiri. Mzere wopingasa wodutsa pa liwu limodzi, lina litalembedwa pamwamba pake, umenewo ndiye kusintha maganizo. Ndipo pali malo amene analemba liwu lachiwiri pamwamba pa loyamba osakhwatcha lililonse, kusiya onse awiri ali moyo. Emily Dickinson, mlakatuli wa nthawi yomweyo amene anasoka yekha ndi ulusi timabuku 40 ta ndakatulo zake, ankachita zimenezi mwadala: ankaika kamtanda pafupi ndi liwu, n'kulemba mawu ena olowa m'malo mwake kumunsi kwa tsamba. Wosindikiza buku amakakamizika kusankha limodzi. Chithunzi cha tsamba sichikakamizika.

Apa ndi pamene mboni yachiwiri, mawu otaipidwa, imafunika kuifunsa kuti inakopera motani. Ena amakopera zonse, zokhwatchidwa ndi zowonjezeredwa zomwe, n'kusonyeza malo ake. Ena amapereka mawu osalala, omaliza okha, kuti awerengeke mosavuta. Njira zonsezi zili ndi ntchito yake, koma muyenera kudziwa imene muli nayo. Walt Whitman Archive, nkhokwe ya pa intaneti imene Ed Folsom ndi Kenneth Price anayambitsa mu 1995 ndipo imayendetsedwa kuchokera ku University of Nebraska-Lincoln, imatsata njira yoyamba. Imagwiritsa ntchito malamulo otchedwa TEI, amene amalola wokopera kuuza kompyuta kuti liwu ili linafufutidwa, ili linaikidwa pamwamba pa mzere, apa sipakuwerengeka. Nkhokweyi imasonkhanitsanso pamalo amodzi zithunzi za mapepala amene ali m'malaibulale osiyanasiyana, ndiye kuti ikulumikiza zimene kugawana kwa mu 1892 kunamwaza.

Library of Congress nayo ili ndi njira yake. Mu 2018 inayambitsa ntchito yotchedwa By the People, momwe anthu ongodzipereka amatsegula chithunzi cha tsamba n'kutaipa zimene akuona, wina n'kubwera kudzaunika. Mu 2019, pokumbukira zaka 200 chibadwire Whitman, zolemba zake zinaikidwa pa ntchitoyi. Phindu lake lalikulu ndi lakuti kompyuta imatha kusaka mawu otaipidwa, pamene pensulo yofufutika ya m'ma 1860 imaivuta. Mukhoza kulemba dzina la chipatala kapena la mzinda n'kupeza masamba onse amene likupezeka. Koma mukapeza, bwererani ku chithunzi. Wokopera aliyense, kaya ndi pulofesa kaya wongodzipereka, amafika pa liwu losaoneka bwino n'kulingalira, ndipo kulingalira kwake kukataipidwa kumaoneka ngati choonadi chokhazikika.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kufunika kobwerera ku chithunzi chili m'kope lina la mu 1870. M'mwezi wa Julayi chaka chimenecho Whitman analemba mawu odzidzudzula, kudzilamula kuti aleke kulondola munthu wina amene ankamusowetsa mtendere mumtima. Munthuyo sanamutchule dzina, anangolemba manambala 16 ndi 4. Mu alifabeti ya Chingerezi chilembo cha 16 ndi P, cha 4 ndi D, ndipo ofufuza ambiri amati ameneyu ndi Peter Doyle, kondakitala wa ngolo zonyamula anthu zokokedwa ndi akavalo ku Washington, amene anali mnzake wapamtima. Chingerezi chimasiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mawu oloza munthu, ndipo patsambalo liwu lakuti "him", loloza mwamuna, linafufutidwa pang'ono n'kusandutsidwa "her", loloza mkazi. Wokopera mawu omaliza okha angakupatseni nkhani ya mwamuna wovutika ndi chikondi cha mkazi. Mukakuza chithunzi, zilembo zakale zikuonekera pansi pa zatsopano.

Tsamba ngati limeneli limandichititsa kuima kaye. Munthuyu anabisa dzina, anasintha zilembo, ndipo ife tikumusuzumira ndi makina okuza zinthu kambirimbiri. Sindikuganiza kuti yankho ndi kutseka maso, pakuti kufufutako nakonso ndi mbali ya mbiri yake ndi ya nthawi imene ankakhalamo. Koma ndimakhulupirira kuti tsamba lotere liyenera kuwerengedwa ndi ulemu umene munthu amakhala nawo akalowa kuchipinda kwa malemu, osati ndi mtima wosaka miseche.

Makope awiri mwa anayi obwerera aja ndi a m'zipatala, a mu 1862 ndi 1863, ndipo kwa ine ndi amene amalemera koposa. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America inayamba mu 1861 n'kutha mu 1865, ndipo inapha anthu oposa 600,000. Mu Disembala 1862 Whitman anaona m'nyuzipepala dzina lofanana ndi la mng'ono wake George pa mndandanda wa ovulala pa nkhondo ya ku Fredericksburg. Ananyamuka ku Brooklyn kukamufuna ku Virginia, ndipo anamupeza ali moyo, atangovulala patsaya. Koma kumeneko, panja pa nyumba ina imene inasandutsidwa chipatala, anaona mulu wa miyendo ndi manja odulidwa uli pansi pa mtengo. Sanabwererenso kukakhazikika kwawo. Anakhala ku Washington, n'kupeza kaganyu kokopera makalata mu ofesi yolipira asilikali, ndipo nthawi yotsala ankaithera m'zipatala, makamaka cha Armory Square, kumene ankafikitsirako ovulala kwambiri. Mwa kuwerengera kwake, anayendera zipatala maulendo pafupifupi 600 n'kuona odwala ndi ovulala pakati pa 80,000 ndi 100,000.

Ambiri mwa makope a nthawi imeneyi ankawapanga yekha. Iye anafotokoza kuti ankatenga pepala limodzi kapena awiri, n'kuwapinda kuti akwane m'thumba, n'kuwamanga ndi phini, ndipo anati ena ali ndi madontho a magazi. Mukawatsegula simupeza ndakatulo zambiri. Mupeza wodi, nambala ya bedi, dzina la msilikali, gulu lake la nkhondo, kwawo, bala lake, ndi chimene akufuna. Wina akufuna lalanje. Wina fodya. Wina pepala ndi sitampa, wina maswiti oziziritsa pakhosi, wina akufuna womulembera kalata yopita kwa mayi ake. Zolembazo n'zapensulo, zothamanga, zopendekeka, monga zimakhalira munthu akamalemba ataimirira kapena atatsamiza kope pabondo.

Zimenezi mawu otaipidwa sangazinyamule. Akataipidwa, mndandandawo umaoneka waudongo ngati kaundula wa mu ofesi. Pachithunzi mumaona pamene pensulo inabuntha, pamene dzina linapanikizidwa m'mphepete chifukwa malo anatha, pamene chizindikiro chinaikidwa pafupi ndi pempho. Patapita zaka, Whitman anatenga zolembazi n'kupangamo mabuku, Memoranda During the War cha mu 1875 ndi Specimen Days mu 1882, ndipo ndakatulo za mu Drum-Taps, la mu 1865, zinamera m'nthaka yomweyi. Kuika tsamba la kope pambali pa ndime ya m'buku ndi phunziro lalikulu kwa wolemba aliyense. Mumaona chimene anasunga ndendende, chimene anasalaza, ndi pamene mawu asanu olembedwa pafupi ndi bedi anakula n'kukhala tsamba lathunthu. Palinso china. Ambiri mwa anyamata amenewa sanasiye kalata kapena chithunzi chodziwika, moti kwa ena a iwo mzere umodzi wa pensulowu ndi pamalo pamene timamva chimene ankalakalaka ali pabedi.

Nanga mboni yoyamba, chithunzi, imalephera pati? Choyamba ndi kukula. Pa sikirini kakope ka m'thumba ndi buku lalikulu la maakaunti zimadzaza malo ofanana, pamene kukula kwa tsamba kumakhudza mmene mzere wautali unapindikira. Ndi bwino kuwerenga miyeso imene laibulale yalemba, kapena kuyang'ana ngati ojambula anaika rula pambali. Chachiwiri ndi zimene zili pansi. Whitman, pokhala wosindikiza, ankakonda sizasi ndi guluu. Ankadula mzere apa n'kukaumata apo, nthawi zina pamwamba pa mawu akale, ndipo chithunzi chimodzi chimangoonetsa chapamwamba. Chachitatu ndi pepala lenilenilo, kukhuthala kwake, mtundu wake weniweni, timabowo ta phini, ndi zizindikiro za fakitale zimene zimaoneka pokhapokha ukaliyang'anitsa ku kuwala.

Kuti izi si zazing'ono, taonani zimene wofufuza wina, Fredson Bowers, anachita m'ma 1950. Akuunika mapepala a Whitman amene lero ali ku University of Virginia, anaona kuti masamba ena omwazikana anali a pepala la mtundu umodzi ndipo anali ndi manambala achiroma okhwatchidwa. Atawasanja motsatira manambalawo, panatuluka mndandanda wa ndakatulo 12 za chikondi umene Whitman anaulemba bwinobwino m'kakope, kenako n'kuuphwasula n'kumwaza ndakatulozo pakati pa zina m'buku la Leaves of Grass limene linatuluka mu 1860. Mndandandawo, wotchedwa Live Oak, with Moss, Whitman sanausindikize chonchi ali moyo. Unapezeka chifukwa munthu anagwira mapepala n'kuwayerekeza. Bowers anagwiritsanso ntchito kumbuyo kwa mapepala. Whitman analemba ndakatulo zambiri kuseri kwa mafomu a msonkho a mzinda wa Williamsburgh. Mzindawu unaphatikizidwa ndi Brooklyn kumayambiriro kwa 1855, mafomuwo n'kukhala opanda ntchito, ndipo zimenezi zimathandiza kudziwa nthawi imene akanafika m'manja mwake ngati mapepala ongolembapo. Choncho nkhokwe ikakupatsani chithunzi cha kuseri kwa tsamba, musachidumphe.

Musaganizenso kuti tsamba 20 linalembedwa pambuyo pa tsamba 19. Kompyuta imasanja zithunzi kuyambira kuchikuto chakutsogolo kufika chakumbuyo, ndipo maso athu amatsatira ngati tikuwerenga nthano. Olemba sachita choncho. Amadumpha masamba, amabwerera kudzadzaza mpata, amatembenuza kope. Mlakatuli William Blake wa ku England anatenga kope limene amati linali la mng'ono wake Robert, amene anamwalira mu 1787, n'kulidzaza zojambula, kenako analizondotsa n'kuyamba kulemba ndakatulo kuchokera kumapeto. Mukaona mawu ozondoka pa sikirini, kawirikawiri si ojambula amene analakwitsa. Ndi umboni wakuti kopelo linali ndi miyoyo iwiri, ngati la Talbot Wilson lija.

Kope la Blake limasungidwa ku British Library ku London, ndipo dzina limeneli likutikumbutsa chinthu chimene sitikonda kuchiganizira. Mu Okutobala 2023 akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a laibulaleyi n'kuwononga zambiri, moti zithunzi za zolemba pamanja zimene anthu ankazitsegula tsiku lililonse zinazimiririka kwa miyezi yambiri. Mapepala enieniwo anali bwinobwino m'mashelefu awo. Mu 1942 pepala ndi limene linasowa, mu 2023 chithunzi ndi chimene chinasowa. Ndiye mukapeza tsamba limene mukulifuna pa ntchito yanu, ndipo laibulale ikulola, litsitseni lalikulu bwino, mulembe dzina la gulu la zolembazo, nambala ya kope ndi ya tsamba. Adiresi ya pa intaneti imasintha, koma nambala ya pashelefu imakhalitsa. Zolemba za Whitman n'zakale moti malamulo a umwini wa zolemba sakuzitchinganso, koma kwa mlakatuli amene wamwalira posachedwa, kuona tsamba pa sikirini sikukupatsani ufulu wolisindikiza.

Kwa woyamba kumene, ndingati asathamangire kuona zonse. Zolemba za Whitman ku Library of Congress n'zochuluka zedi, makamaka mukaphatikiza gulu lalikulu limene Charles Feinberg anasonkhanitsa, ndipo munthu akhoza kudina tsiku lonse osawerenga kanthu. Sankhani tsamba limodzi. Musayang'ane mawu otaipidwa kaye. Tengani pepala lanu, mukopere ndi dzanja chimene mukuona, mukhwatche pamene iye anakhwatcha, musiye mpata pamene simukuwerenga. Poyamba zilembo zimakana, koma mukadziwa mmene amalembera zilembo zingapo zovuta, dzanja lake limayamba kumasuka ngati mawu a munthu amene mwamuzolowera. Mukatero yerekezani ndi zimene akatswiri anakopera. Malo ambiri mupeza kuti iwo ndi olondola. Pena mupeza kuti mwaona kadontho kapena kamzere kamene iwo sanakasonyeze. Pomaliza tsegulani ndakatulo yosindikizidwa, muone kutalika kwa ulendo umene mawuwo anayenda.

Makope asanu ndi limodzi mwa 10 aja sanapezekebe. Zina mwa zimene zinali m'makope osowa timazidziwa kudzera mwa anthu amene anazikopera 1942 isanafike, ndipo Edward Grier, posonkhanitsa zolemba za m'makope a Whitman m'mabuku asanu ndi limodzi mu 1984, anadalira zokopera zoterozo pamene pepala lenileni kunalibe. Pamene pali zokopera zokhazo, tatsala ndi mboni imodzi yokha. Sitingakuze chithunzi kuti tione ngati pansi pa liwu pali lina lofufutidwa, ndipo sitingayang'ane kumsana kwa kope ngati kuli timizu ta masamba odulidwa okhala ndi manambala.